Zimene Fungo la Utsi wa Galimoto Limaulula pa Misewu ya ku Kasiya

Galimoto zambiri zimene zimayenda m'dera la Kasiya, Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete, kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, zinafika m'dziko muno zitagwira kale ntchito zaka zingapo ku Japan, ndipo zochuluka mwa izo zinatsitsidwa pa doko la Dar es Salaam n'kulowa kudzera pa chipata cha Songwe. Zinapangidwira misewu yosalala ndi magalaja okhala ndi makina oyezera chilichonse, koma kuno zimasenza mabelo a fodya, matumba a chimanga, soya ndi mtedza, pamodzi ndi anthu oposa mipando yake, ndipo zikangopatuka pa tala wa M12 wopita ku Mchinji kapena pa msewu wochoka ku Lilongwe kulowera ku Santhe, zimakumana ndi misewu ya dothi imene m'chilimwe imakhala fumbi lokhalokha ndipo m'dzinja imasanduka matope. Ngakhale dzina la Kasiya lamveka kutali chifukwa cha miyala ya rutile ndi graphite imene kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals yapeza m'nthaka yake, dalaivala wa matola wa kuno akadali patali ndi makina oyezera injini, kotero kuti chida choyamba chimene amadziwira kuti galimoto yadwala ndi mphuno yake.

Chida chimenechi n'chodalirika kuposa mmene ambiri amaganizira, malinga ngati mwini wake akudziwa kuti fungo lachilendo la utsi kawirikawiri silibadwira mu ekizozi, paipi imene imatulutsira utsi kumbuyo kwa galimoto, koma limangodutsamo kuchokera kumene kuli vuto lenileni. Injini imayenda chifukwa cha moto umene umayaka m'masilinda ake, ndipo motowo umafuna mafuta ndi mpweya zosakanikirana pa mlingo woyenera, umene pa petulo wosasakaniza ndi kanthu ndi pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta. Mlingowo ukasungika, mafuta amapsa onse, ndipo zimene zimatuluka kumbuyo zimakhala makamaka nthunzi ya madzi, carbon dioxide ndi nitrogen, zomwe sizioneka komanso sizinunkha injini ikatentha. Choncho fungo lamphamvu limatanthauza kuti mafuta sakupsa onse, kapena kuti m'moto muja mwalowa chinthu chosayenera kulowamo monga oyilo ndi madzi a mu redieta, kapenanso kuti utsi ukutulukira pamalo posayenera.

Chomalizachi ndicho choyenera kufufuzidwa poyamba, chifukwa zinazo zimawononga injini ndi thumba la mwini galimoto pamene ichi chimapha munthu. Funso loyamba lisakhale loti fungolo likufanana ndi chiyani, koma loti likumvekera kuti, kaya kumbuyo kwa galimoto kokha kapena mkati momwe mwakhala anthu. Utsi wa injini, makamaka ya petulo, umanyamula mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka pa nyengo yachisanu ya June ndi July. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa, koma ukalowa m'mapapo umakakamira pa haemoglobin, chinthu cha m'magazi chimene chimanyamula okosijeni, mwamphamvu kuposa okosijeniyo ka 200 kapena kuposerapo, moti munthu amaoneka kuti akupuma bwinobwino pamene ubongo ndi mtima wake zikusowa mpweya. Mphuno siingaumve mpweya umenewu, ndipo phindu lalikulu la fungo la utsi mkati mwa galimoto n'lakuti limaulula kuti wosanunkhayo walowanso.

Njira zimene utsi umalowera m'galimoto za kumudzi n'zodziwika kwa aliyense amene anaimapo pa siteji tsiku la msika. Toyota Sienta kapena Probox ikadzaza matumba mpaka chitseko chakumbuyo kukana kutsekeka, chitsekocho chimamangidwa ndi chingwe chili chotsekuka pang'ono, ndipo ambiri amaganiza kuti mpatawo ukulowetsa mphepo yabwino. Zoona zake n'zakuti galimoto ikamathamanga, mpweya wa kumbuyo kwake umazungulira n'kubwerera cha ku galimoto komweko, ndipo umatenga utsi wongotuluka mu ekizozi n'kuulowetsa pa mpata uja, pamene amene amaupuma kwambiri ndi okhala pa mpando wakumbuyo, omwe nthawi zambiri amakhala amayi ndi ana. Kutsitsa galasi la kutsogolo kungathe kuwonjezera vutolo, chifukwa mphepo yodutsa pa windo imakoka mpweya wa mkati kupita panja ndipo wolowa m'malo mwake umachokera kumbuyo kuja. Mu minibasi ya Hiace injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, kotero kuti mphira wa chivundikiro chake ukatha, utsi wothawa pa injini umakwera molunjika kwa dalaivala. Nayo pikapu yofunditsidwa lona m'nyengo ya mvula, anthu ali mkati, imatha kusunga utsi ngati ekizozi yake inaduka n'kuthera pansi pa bodi m'malo mofika kumapeto.

Zizindikiro za carbon monoxide m'thupi ndi mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo tosaletseka, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti zonsezi n'zosavuta kuzitenga ngati malungo, njala kapena kutopa ndi ulendo. Chimene chiyenera kuchenjeza dalaivala n'chakuti anthu angapo akudandaula chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndiponso kuti mutuwo umaleka munthu akatsika n'kupuma panja. Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala mtima amagwidwa msanga kuposa ena, ndipo mwana amene wagona tulo tofa nato m'galimoto yonunkha utsi ayenera kudzutsidwa, osati kusiyidwa kuti apume. Zikatero galimoto iime, injini izimitsidwe, anthu atuluke, ndipo amene wasokonezeka mutu kapena kukomoka apite naye msanga kuchipatala chapafupi, monga cha Kabudula kapena cha St Gabriel's ku Namitete, achipatala atauzidwa momveka kuti wodwalayo wapuma utsi wa galimoto, chifukwa chithandizo chake chachikulu ndi kumupatsa okosijeni.

Kupeza pamene ekizozi yabooka sikufuna makina. Pamalo pothawira utsi pamakhala mwaye wakuda, makamaka m'malumikiziro a paipi ndi pa manifold, chitsulo chimene chimasonkhanitsa utsi wa masilinda onse n'kuupereka ku paipi. Manifold ikang'aluka imamveka kugogoda pang'onopang'ono injini ikangoyaka m'mawa, ndipo phokosolo limachepa chitsulo chikatentha n'kufufuma. Makaniko wodziwa ntchito amaika galimoto panja pamene pakupita mphepo, amayatsa injini ikadali yozizira, mnzake n'kutseka kukamwa kwa ekizozi ndi chiguduli kwa kanthawi kochepa, iye akumvetsera kumene mpweya ukufwenthera ndi kupaka madzi a sopo m'malumikiziro kuti aone potuluka thovu. M'dera la madambo ngati lino ekizozi imatha msanga, chifukwa paipi yotentha ikamizidwa m'madzi ozizira powoloka imang'aluka, matope okakamira amasunga chinyezi n'kubweretsa dzimbiri, ndipo mphira zopachikira paipi zikaduka chifukwa cha mabampu, kulemera konse kumatsamira pa manifold. Owotcherera a pa msika amatha kukonza paipi yabwino imene yang'aluka pamalo amodzi, koma paipi yodyeka ndi dzimbiri ponseponse imabookanso pambali pa chigamba, ndipo yotero n'njofunika kusinthidwa. Kumanga chitini ndi waya n'kothandiza kufika pa galaja basi.

Fungo limene limamveka kawirikawiri kumbuyo kwa galimoto ndi la petulo wosapsa, lomwe nthawi zina limabwera ndi utsi wakuda ndiponso mwaye wouma kukamwa kwa ekizozi. Pa mphindi zochepa zoyamba m'mawa fungolo si vuto, popeza injini yozizira imapatsidwa dala mafuta ochuluka, koma likapitirira injini itatentha ndiye kuti mafuta achuluka kuposa mpweya kapena moto ukukanika kuyaka mu silinda ina. Ku Kasiya choyamba kukayikiridwa ndi sefa ya mpweya, chifukwa nthawi yosinthira sefa yolembedwa m'buku la galimoto anaiwerengera misewu yopanda fumbi, pamene galimoto yoyenda kumbuyo kwa lole ya fodya mu September imameza dothi lochuluka pa ulendo umodzi. Sefayo aichotse n'kuiyang'anitsa ku dzuwa, ndipo ngati kuwala sikudutsa, yatha. Kuichotseratu, monga ena amachitira, n'kuitana vuto lalikulu, chifukwa fumbi lolowa m'masilinda limapala zitsulo mpaka injini kuyamba kudya oyilo. Pa galimoto zakale ndi njinga zamoto za kabaza zimene zili ndi kabureta, sefa yotsekeka imachulukitsa mafuta nthawi yomweyo, ndipo mpweya wa ku chigwa cha Lilongwe, chimene chili pamwamba kuposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndi wopepukirapo kale, moti kabureta yosachunidwa bwino imapereka mafuta oposa mlingo.

Pa galimoto zatsopanoko mlingo wa mafuta umayendetsedwa ndi kompyuta, imene imadalira tizipangizo touza zimene zikuchitika mu injini, totchedwa masensa. Sensa ya okosijeni, imene kampani ya Bosch inayamba kuika m'galimoto za Volvo mu 1976, imakhala pa ekizozi pafupi ndi injini ndipo imayeza okosijeni wotsala mu utsi. Ikakalamba imanama, ndipo kompyuta imathira mafuta molakwika. Chodabwitsa n'chakuti sensa yabwinobwino ingathenso kunamizidwa ndi bowo la pa manifold, chifukwa bowolo limayamwa mpweya wa panja, sensa n'kuona ngati mafuta achepa, kompyuta n'kuwonjezera petulo amene injini sikumufuna, ndipo mwini galimoto amagula sensa yatsopano pamene vuto linali la wowotcherera. Palinso mchitidwe wofala wochotsa thermostat, kachitseko kamene kamatsekereza madzi kuti injini ifike msanga pa kutentha koyenera, poganiza kuti m'dziko lotentha kachitsekoko n'kopanda ntchito. Injini yochotsedwa thermostat imachedwa kutentha ndipo pa msewu wautali imazizira mopitirira, kompyuta n'kumaona ngati kudakali m'mawa, ndipo zotsatira zake ndi fungo la petulo, mafuta kutha msanga ndi oyilo kusungunuka ndi petulo wotsikira pansi. Ngati injini imawira, chochititsa chiyenera kufunidwa mu redieta, pa fani kapena pa pampu ya madzi, ndipo thermostat yowonongeka isinthidwe ndi ina.

Mapulagi, amene amathetheka moto woyatsa petulo, amasunga umboni wa zimene zikuchitika mu silinda iliyonse, ndipo kuwamasula n'kuwandandalika motsatana pa nsalu yoyera ndi kuyeza kotsika mtengo kuposa kwina kulikonse. Pulagi ya silinda yabwino imakhala yofiirira pang'ono kapena yotuwa kunsonga, ya mwaye wakuda wouma imasonyeza mafuta ochuluka, yakuda koma yonyowa ndi yonona imasonyeza oyilo, ndipo imodzi ikaoneka yoyera ngati yatsukidwa pamene zinzake zili zakuda, m'silinda imeneyo mukulowa madzi. Mapulagi onse akada mofanana, vuto lili pa chinthu chimene masilinda onse amagawana, monga sefa kapena sensa, koma ikada imodzi yokha, maso apite pa koyilo yake kapena pa injector yake, kampopi kamene kamapopera mafuta mu silindayo.

Fungo la petulo limene limamveka injini ili yozimitsa, kapena limene limachokera pansi pa boneti ndi pafupi ndi thanki, silikhudzana ndi utsi, chifukwa limenelo ndi la mafuta amene akudontha, ndipo galimoto yotero isayatsidwe kufikira podonthera patapezeka. Petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ethanol ameneyu, wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, amapsa bwino ndipo si iye amene amanunkhitsa utsi, koma amaumitsa mapaipi akale a mphira amene sanapangidwire mafuta otere, ndiponso amakoka chinyezi akasungidwa m'chigubu chosatsekeka bwino.

Fungo la mazira owola limachititsa mantha kwambiri, ndipo kulimvetsa kumafuna kudziwa chipangizo chotchedwa catalytic converter, chimene chimaoneka ngati kasailensa kakang'ono pafupi ndi injini. Mkati mwake muli dongo lowotcha lokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, lopakidwa zitsulo zamtengo wapatali za platinum, palladium ndi rhodium, ndipo utsi ukadutsamo chipangizocho chitatentha madigiri 400 kapena kuposerapo, carbon monoxide ndi mafuta osapsa zimasanduka carbon dioxide ndi madzi. Zipangizo zimenezi zinayamba kufala ku United States mu 1975, koma kuno sizikanakhalitsa kale, chifukwa mtovu umene unkathiridwa mu petulo umazipha, ndipo mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika kumayambiriro kwa 2006. Mafuta onse ochokera pansi pa nthaka amakhala ndi sulphur pang'ono, amene chipangizochi chimamusunga injini ikamayenda modekha, ndipo mafuta akachuluka mwadzidzidzi, monga pokwera chitunda ndi katundu wolemera, chimamutulutsa ngati hydrogen sulphide, mpweya womwewo umene umanunkha m'dzira lowola. Fungo longodutsa kamodzi pa chitunda silidetsa nkhawa, koma likakhala la tsiku ndi tsiku ndiye kuti injini ikuthira mafuta mopitirira kapena chipangizocho chikutha.

Catalytic converter kawirikawiri siifa yokha koma imaphedwa ndi vuto lina. Silinda imene ikudumphitsa moto imatumiza petulo wosapsa mu ekizozi, petuloyo n'kukayakira m'timabowo tija mpaka dongo kusungunuka ndi kutseka njira ya utsi, ndipo galimoto imayamba kufooka pa zitunda, kutentha pansi ndi kuchita phokoso la tizidutswa togubuduka mkati. Nyale ya injini ya pa dashibodi ikamaphethira m'malo mongoyaka, ikuchenjeza za vuto lomweli. Popeza chipangizo chatsopano n'chodula, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, njira imene ambiri amathamangira ndi kuboola mkati monse n'kubwezeretsa chitini chopanda kanthu, ndipo pali ogula dongo lija chifukwa cha zitsulo zake. Mavuto a ndalama ndi enieni ndipo palibe angawachepetse, koma mwini galimoto ayenera kudziwa chimene wagula ndi njira imeneyo: fungo la mazira limatha n'kulowedwa m'malo ndi utsi wowawa m'maso, carbon monoxide wotuluka kumbuyo amachuluka kwambiri, ndipo vuto limene linapha chipangizocho limakhala likadalipo, likudyabe petulo. Galimoto yotero ikamangidwanso chitseko ndi chingwe, moyo wa okwera kumbuyo umakhala pachiswe.

Nthawi zina fungo la mazira limachokera kutsogolo, ndipo gwero lake limakhala batire. Alternator, makina amene amadzaza batire injini ikamayenda, imayenera kupereka ma volt a pakati pa 13.5 ndi 14.5, koma ikapitirira batire imawira, imatupa ndi kutulutsa mpweya wonunkha umene ungathenso kuphulika ukakumana ndi ndudu kapena kuthetheka kwa waya.

Oyilo akamapsa, utsi umakhala wabuluu ndipo fungo lake ndi lowawa, lokanirira pa zovala. Chimene chimathandiza apa ndi nthawi imene utsiwo umaoneka. Ukatuluka wochuluka injini ikangoyaka m'mawa kenaka n'kuleka, kapena ukaoneka galimoto itatsika mtsetse wautali dalaivala n'kupondanso mafuta, ndiye kuti mphira za pa mavalavu zauma ndipo oyilo akudonthera m'masilinda kuchokera pamwamba, vuto limene kukonza kwake sikufuna kuphwasula injini yonse. Ukamachuluka pamene injini ikukoka mwamphamvu, maring'i a mapisitoni atha, ndipo kuno chimene chimawadya kwambiri ndi fumbi lolowera pa sefa yong'ambika kapena pa paipi ya mpweya yosamangika bwino. Asanaweruze kuti injini iphwasulidwe, makaniko ayenera kuona kaye ngati oyilo sanathiridwe mopyola chizindikiro, ngati kavalavu kopumira injini kotchedwa PCV sikanatsekeke, ndiponso ayeze mphamvu ya mpweya mu silinda iliyonse, chifukwa silinda yofooka ikalimba atathiramo oyilo pang'ono, maring'i ndiwo olakwa, koma ikapanda kusintha, vuto lili pa mavalavu kapena pa gasiketi ya hedi. Oyilo wolimba kwambiri ndi mankhwala a m'mabotolo olonjeza kuthetsa utsi amangobisa chizindikiro kwa kanthawi. Fungo la oyilo lopanda utsi kumbuyo limatanthauza kuti oyilo akudonthera pa manifold yotentha kuchokera pa chivundikiro cha injini.

Utsi woyera wa m'mawa wa chisanu, umene umabwera ndi timadontho ta madzi n'kuzimiririka msanga, ndi nthunzi chabe. Umene uli woopsa ndi wochindikala, wosatha ngakhale injini itatentha, ndipo mabuku a zamakaniko amati umanunkhira motsekemera chifukwa cha ethylene glycol, mankhwala a m'madzi oziziritsira injini, amene ndi poizoni wowononga impso za munthu ndi ziweto. Koma chizindikiro chimenechi chimasocheretsa kumudzi, kumene redieta zambiri zimathiridwa madzi a pa mjigo opanda mankhwala alionse, kotero kuti gasiketi ya hedi, imene imalekanitsa moto, madzi ndi oyilo pakati pa zigawo ziwiri za injini, ingathe kupsa popanda fungo lotsekemera ngakhale pang'ono. Madzi a pa mjigowo ndiwonso amayambitsa vutolo, chifukwa amasiya dzimbiri ndi miyala m'timipata ta redieta mpaka injini kuwira. Choncho umboni uyenera kufunidwa kwina: madzi kuchepa tsiku ndi tsiku popanda podonthera, thovu lotuluka mosalekeza pakamwa pa redieta injini ikuyenda, ndi oyilo wosanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka. Chitsekerero cha redieta chitsegulidwe injini ili yozizira basi, popeza madzi a mkati amakhala otentha kuposa owira pa moto ndipo amathovokera kumaso. Posintha gasiketi, hedi, chigawo chapamwamba cha injini, iyenera kuyezedwa ngati sinapindike, apo ayi gasiketi yatsopano imapsanso posakhalitsa.

Injini za dizilo, zimene zili m'malole, m'mathirakitala ndi m'zigayo zambiri za m'derali, zilibe mapulagi oyatsira moto, chifukwa dizilo amayaka yekha akapoperedwa mu mpweya wopanikizidwa kwambiri. Utsi wakuda pa injini yotere umatanthauza kuti mpweya wachepa kapena dizilo sakupoperedwa mosalala, ndipo zochititsa zake ndi sefa yotsekeka, ma injector otha, pampu yochunidwa dala kuti ipereke mafuta ambiri, kapena katundu woposa mphamvu ya lole. Utsi woyera wowawa m'maso ndi dizilo amene sanayake n'komwe, ndipo ukamaoneka m'mawa mokha, kawirikawiri zotenthetsera masilinda zotchedwa glow plug ndizo zimakhala zitafa. Anthu anazolowera kuona lole ikufuka ngati kuti ndi chilengedwe chake, koma mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo amene amaupuma tsiku lonse ndi makondakitala, ogulitsa malonda pa siteji ndi ogwira ntchito m'zigayo zopanda mawindo.

Fungo likayamba mwadzidzidzi galimoto itangothiridwa mafuta, mafutawo ndiwo oyamba kufunsidwa. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, madalaivala a kumudzi anadalira kwambiri mafuta a m'zigubu ndi m'mabotolo ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, malonda amene bungwe loyang'anira za mphamvu la MERA limaletsa kwa aliyense wopanda chiphaso. Mafuta oterowo angathe kukhala ndi madzi, dothi kapena palafini. Palafini mu petulo amachititsa injini kugogoda, kuvuta kuyaka ndi kutulutsa utsi wonunkha ngati nyali ya koloboyi, pamene mu dizilo amachepetsa kuterera kumene pampu ndi ma injector zimadalira, n'kuzidya mwakachetechete. Mafuta okayikitsa akathiridwa m'botolo loyera n'kusiyidwa kanthawi, madzi ndi zinyalala zimakhazikika pansi n'kuoneka, ndipo mankhwala ake ndi kukhuthula thanki ndi kusintha sefa ya mafuta.

Palinso mafungo amene amanamiziridwa utsi pamene gwero lake lili kunja kwa injini. Pepala la pulasitiki lomatirira pa ekizozi limanunkha masiku angapo, kilatchi yoponderezedwa potuluka m'matope imanunkha ngati nsalu yopserera, ndipo mabuleki ogwira amatenthetsa gudumu limodzi kuposa ena. Choopsa kwambiri pa zimenezi ndi udzu ndi mapesi okodwa pansi pa galimoto imene yalowa m'munda kukatenga zokolola, chifukwa catalytic converter yotentha imatha kuyatsa udzu wouma wa mu August galimoto itangoima pamwamba pake.

Pamene maso ndi mphuno zafika pothera, makina owerengera kompyuta ya galimoto, amene amapezeka m'magalaja a mumzinda wa Lilongwe monga a ku Biwi, amatulutsa manambala ofotokoza zimene kompyutayo yaona: P0172 amatanthauza mafuta ochuluka, P0171 mafuta ochepa, P0300 moto wodumphadumpha m'masilinda, ndipo P0420 amatanthauza kuti catalytic converter sikuyeretsa utsi mokwanira. Manambalawa amatchula chizindikiro osati cholakwa, moti kugula chipangizo chifukwa choti dzina lake laoneka pa makina, kapena kungofufuta nambala kuti nyale izime galimoto isanapite kokayezedwa ku Road Traffic kuti ipatsidwe chiphaso cha COF, kumasiya vuto lili pomwepo. Makaniko amathandizidwa kwambiri ndi dalaivala amene angathe kunena tsiku limene fungo linayamba, kumene anathira mafuta komaliza, ngati limamveka injini ili yozizira kapena yotentha, pokwera kapena potsika, ndiponso ngati oyilo ndi madzi zikuchepa. Ntchito ikatha, fungo silichoka nthawi yomweyo, chifukwa oyilo kapena madzi amene anadzikundikira mu sailensa amafuna kupsa kaye, ndipo chigamulo choti galimoto yachira chiyenera kudikira ulendo umodzi wautali pa tala, monga wochoka ku Kasiya kukafika ku Lilongwe ndi kubwerera, kenaka oyilo ndi madzi ziyezedwenso m'mawa mwake injini isanayatsidwe.